Kuzonda Ndalama za Chiliza

Amuna anga anamwalira fodya ali kale m'mabelo. Anadwala masabata atatu okha, moti amene tinakagulitsa fodyayo tinali ine ndi alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa malemuwo. Titameta, abale anakhala pansi kwawo ku Mualadzi, m'chigawo cha Tete, n'kugwirizana kuti ndalama za fodyayo zisadyedwe. Zikhale za chiliza, ndipo chilizacho chimangidwe chaka chotsatira anthu akakolola.

Vuto linali pa ine. Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ku Katete, ku Zambia, ndipo nthawi imeneyo anali woyembekezera. Anati ndisakhale ndekha m'nyumba yamaliro, ndipite kwa iye. Ku Zambia sikunali kwachilendo, poti ndinakulira komweko makolo atathawa nkhondo. Alamu sanandiletse, koma anandiuza maso ndi maso.

"Inuyo pitani, alamu. Koma ndalama za mlongo wanga siziwoloka malire."

"Ndiye sungani ndinu," ndinatero.

"Ine? Ndi amuna anga aludzuwa? Pofika Khirisimasi chiliza chidzakhala chili m'mimba mwawo. Ayi, zipite kubanki, m'dzina lanu, kuti zikadzasowa tidzadziwe pogwira."

Ananena akuseka, koma ine ndinamva. Ndalama zikanaperewera, mudzi wonse ukanati mkazi wamasiye wakadyera ku Zambia chiliza cha mwamuna wake.

Ndinali ndisanalowepo m'banki. Sukulu ndinalekezera giredi 3. Dzina langa ndimalemba, manambala ndimawerenga, koma Chipwitikizi ndimangotolako apa ndi apo. Ndinamanga ndalama m'chiuno, n'kukwera mota, njinga yamoto ija, mpaka pamsewu wa tala, kenako shapa, minibasi ija, mpaka ku Tete.

M'banki yoyamba munali mozizira ngati mwezi wa Juni. Bambo amene anandilandira ankalankhula mofulumira, ndiye mayi wina wa pamzere, wolankhula Chinyungwe, anandithandiza. Chimene ndinagwira n'chakuti mwezi uliwonse azichotsako kangachepe.

"Ngakhale ndisanazigwire?" ndinafunsa.

"Ngakhale mutagona chaka chonse," anatero mayiyo.

Izi zinandisokoneza. Kwathu ukasungitsa mbuzi, wosungayo amadikira ibereke kuti atengeko kamwana. Awa ankafuna kumadulako mbuzi yeniyeniyo mwezi ndi mwezi. Ndinathokoza n'kutuluka.

Ku banki yachiwiri ndinapeza mayi wa ku Angonia, wolankhula chinenero chathu bwinobwino, ndipo mtima unakhala pansi. Anati iwo sadula za pamwezi. Munthu amalipira pokhapokha akagwiritsa ntchito konta, ndiye kuti akaunti yake. Anandiwerengera zinthu zambiri papepala la timalemba ting'onoting'ono, koma ine ndinali nditasankha kale mumtima. Ndinkadziwa kuti sindidzatapako ngakhale metikali imodzi. Ndinangofunsa funso limodzi.

"Nanga ndikakhala ku Zambia, ndidzadziwa bwanji kuti zilipo?"

"Khadi ili limagwira ntchito pa makina a kumeneko. Koma kunja chilichonse chimadula, amayi. Mwamva?"

"Ndamva," ndinatero. Ndinkaganiza kuti akunena za kutapa.

Ndinatuluka m'chiuno muli pululu, m'manja muli kakhadi kopepuka kuposa tsamba la fodya. Ulendo wonse wa ku Cassacatiza, pachipata cholowera ku Zambia, ndinkangodzigwira m'chiuno, n'kudzidzimuka, kenako n'kukumbukira.

Ku Katete mwana wanga anandiphunzitsa makina a pafupi ndi msika. Anandionetsa polowetsa khadi, pobaya manambala anga achinsinsi, ndi batani lofunsira kuti muli zingati. Kapepala katatuluka ndinakayang'anitsitsa. Nambala inali yochepa kwambiri, yosafika ndi theka lomwe la zimene ndinasiya ku Tete.

"Mayo, zapita!"

Mwana wanga anaseka mpaka kugwira mimba yake ija. "Amayi, awa ndi makwacha. Makina a kuno sadziwa metikali. Ndalama zanu ndi zomwe zija."

Ndinavomera, koma sizinandilowe. Ndinapinda kapepalako n'kukasunga, kuti ndidzaonetse alamu monga umboni.

Kwathu chinthu sichisiyidwa chokha. Chimanga chili m'nkhokwe umapisamo dzanja kuti udziwe ngati anankafumbwe alowa. Amuna anga ankazonda fodya m'chigafa m'mawa uliwonse asanasambe n'komwe kumaso, ndipo munthu wosazonda zinthu zake ankamuona ngati wachibwana. Ine ndinaleredwa choncho, ndipo ndinakhala nawo choncho zaka zonse. Tsono ndalama za chiliza chawo ndikanazisiya bwanji miyezi ndi miyezi m'dziko lina osaziona? Komanso kwa mwana wanga ndinalibe munda, ndinalibe mbuzi. Chokhacho chimene chinali m'manja mwanga chinali khadi lija.

Choncho Lachiwiri ndi Lachisanu, ndikapita kukagula tomato ndi masamba, ndinkapatukira pamakina. Mlonda wa pamenepo, bambo wachikulire wa ndevu zoyera, anandizolowera.

"Amayi, mwabweranso? Anzanu amatuluka ndi ndalama, inu mumatuluka ndi kapepala. Kodi muli wodwala wanu m'menemo?"

"Ndikungozonda, bambo."

"Zondani, zondani. Mumupatse moni."

Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti nambala ija sinkakhala malo amodzi. Lachiwiri yatsika, Lachisanu yakwerako. Tsiku lina inakwera ndithu mpaka ndinayamba kuganiza kuti mwina ndalama zimaswana m'banki. Mkamwini wanga ndi munthu wa mabizinesi, amadziwa zoterezi, koma sitikhala n'kumacheza ngati anthu amsinkhu umodzi. Ndinafunsa mwana wanga, iye n'kufunsa mwamuna wake, yankho n'kubwerera njira yomweyo.

"Akuti kwacha ikalimba nambala yanu imatsika, ikafooka imakwera. Akuti musadandaule."

Ndiye kuti tsiku limene anthu kumsika akudandaula kuti kwacha yagwa, ine ndiyenera kukondwa? Ndinayesa kuziganizira ndikusenda mbatata, ndikuchapa matewera mwana atabadwa, koma sizinkagwirizana. Ndinayala timapepala tija pamphasa motsatana masiku. Nambala inkakwera ndi kutsika, inde, koma pakutha pa miyezi inayi inali pansi kuposa poyamba. Kodi imeneyo inali kwacha, kapena chinthu china? Sindinkadziwa. Ndipo poti sindinkadziwa, ndinayamba kupita katatu pa sabata, kenako pafupifupi tsiku lililonse. Chimanga ukachikayikira sumachepetsa kupisamo dzanja.

Alamu ankaimba foni mwezi uliwonse.

"Zilipo, alamu?"

"Zilipo, ndaziona dzulo lomweli."

"Eya, muziziona. Kumeneko kuli masitolo ambiri, maso angakutengeni."

Pali chinthu china chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Mkamwini wanga anagula matayala atsopano a njinga yake yamoto, kenako foni ina. Mtima wanga unayamba kulankhula zoipa. Manambala achinsinsi ankawadziwa ndi mwana wanga yekha, koma mkazi amabisa chiyani kwa mwamuna wake? Ndinachotsa khadi m'kachitini momwe linkakhala, n'kulimanga pansonga ya chitenje. Ndinkapita nalo ndi kubafa komwe. Tsiku lina masana, tikupeta mpunga, mwana wanga anandiyang'ana.

"Amayi, khadi mukusamba nalo. Mukuopa ndani m'nyumba muno?"

Ndinangopitiriza kupeta. Iye anatenga lichero n'kukakhala kuseri kwa nyumba. Kuyambira tsiku limenelo mkamwini anasiya kunditumizira shuga wa tiyi kudzera mwa mkazi wake. Ankangosiya patebulo osanena kuti ndi wa yani.

Anthu atakolola ndinanyamuka kupita ku Tete kukatenga ndalama. Mayi wa ku Angonia uja analipo, ndipo anandikumbukira. Atanditchulira nambala, m'metikali tsopano, ndinadziwa kuti si nkhani ya kwacha ayi. Ndalama zinali zitachepa ndithu.

"Sindinatapeko, mayi. Mulungu ndi mboni. Wina wandibera."

Anabayabaya pakompyuta, makina n'kuyamba kutulutsa pepala. Linatuluka loyamba, lachiwiri, lachitatu. Anawayala patsogolo panga n'kumatsetsereka ndi chala.

"Palibe anatapa, amayi. Koma onani. Apa munafunsa. Apa munafunsanso. Apa, apa, apa. Tsiku ili munafunsa kawiri."

Tsikulo ndinalikumbukira. Kapepala koyamba kanali kosaoneka bwino, ndiye ndinabwereza.

"Koma ndinkangoona."

"Makina aja ndi a eni ake, ali m'dziko la eni ake. Sayankha ulere. Funso lililonse limadula kangachepe. Kamodzi pa miyezi itatu simukanamva n'komwe. Koma inu..." Anatembenuza pepala lachitatu osamaliza mawu ake.

"Kuona ndalama zanga zomwe?"

"Zanu zomwe. Ndinakuuzani, amayi, kuti kunja chilichonse chimadula."

Anandiuzadi. Sindinganamizire munthu. Kenako ndinafunsa ngati banki yoyamba ija, yodula mwezi ndi mwezi, ikanakhala yabwino.

"Mukanazisiya osafunsa, kuno kukanakutchipirani kwambiri. Koma mmene munkafunsiramu, kulikonse zikanatero."

Mpaka lero sindidziwa ngati ndinasankha bwino kapena molakwa. Akuti banki ndinasankha yoyenera. Ndiye cholakwa chinali kusamala? Ndinatuluka panja kukutentha, ndalama zili m'chiuno ngati kale, koma mtolo wake wochepako. Zimene zinapita zinali zokwanira mwala uja amazokotapo dzina, ndi matumba awiri a simenti pamwamba.

Ku Mualadzi ndinapeza alamu akutonola chimanga pakhonde. Titalonjerana ndinawapatsa ndalama, mapepala atatu a kubanki, ndi mtolo wa timapepala tanga womanga ndi ulusi. Ndinafotokoza zonse mmene zinayendera, osabisa. Alamu sawerenga, ndiye anaitana amuna awo, amene anaphunzira Chipwitikizi nthawi yakale. Iwo anavala magalasi, n'kuwerenga mzere ndi mzere milomo ikugwedera. Atafika pepala lachiwiri anayamba kuseka.

"Ndi zoona zimene akunenazi. Palibe anatapa. Anthu inu! Munandimana ine kuti ndimwera. Ndikanamwa ine, bwenzi tikudziwa kumene zinapita!"

"Khalani chete inu," anatero alamu. Iwo sankaseka. Anandiyang'ana ine. "Ndiye palibe wakuba?"

"Palibe."

"Koma ndalama palibe."

"Zina palibe."

"Wadya ndani?"

"Makina, alamu. Koma sanabe. Ndinkawafunsa ndine."

Alamu anamasula ulusi uja n'kumatenga timapepala kamodzikamodzi, kukatembenuza, kukaika pansi. Tina tinali titafufutika moti sipankaoneka kanthu. Anachita zimenezo nthawi yaitali, nkhuku zikudya chimanga chawo iwo osazithamangitsa. Sindinadziwe ngati akuwerenga masiku kapena akungofuna pogwira.

Ndinati ngati abale alola, tidikire chaka china. Ndikagwira maganyu ku Katete, ndigulitse mandasi, mpaka za mwala zikwane.

"Ayi," anatero alamu. "Wadikira kokwanira. Timanga ndi zimene zilipo."

Sananene kuti andikhulupirira, sananenenso kuti sakundikhulupirira. Masiku amene mmisiri ankamanga ndinkagona kwa alamu, tinkaphikira limodzi antchito, koma nkhani ya ndalama sinatulukenso pakamwa pawo. Ndinkamva amayi ena kuchitsime akutsitsa mawu ndikafika. Wina anandifunsa mokweza kuti, "Ku Zambia kwakukondanitu, mwanenepa." Ndinangoti zikomo.

Chiliza chinamangidwa chachifupi kuposa mmene tinaganizira. Mwala panalibe. Mmisiri analemba dzina ndi msomali simenti isanaume, ndipo malemba omalizira anapanikizana chifukwa malo anamuthera.

Tsiku lovundukula kunabwera anthu ambiri, a mpingo ndi a m'mudzi. Mwana wanga anabwera ndi khanda lake, mkamwini anawaperekeza panjinga. Chiliza chinali chofundidwa nsalu yoyera. Ine ndinaima kumbuyo ndi amayi ena, chifukwa sindinkadziwa malo anga tsiku limenelo. Nyimbo itatha, mkulu wa mpingo anaitana abale kuti achotse nsalu. Alamu anapita n'kugwira nsonga imodzi. Kenako anatembenuka, n'kumafunafuna ndi maso m'gulu lonselo.

"Alamu, mwabisala kuti? Nsaluyi ndichotsa ndekha? Bwerani mugwire uko."

Anthu anandipatukira. Ndinapita n'kugwira nsonga inayo, ndipo tinakoka pamodzi.