Mzinga wa Mbalame Unanditengera Diso

Tsiku limenelo tinalipo anthu anayi. Ndinalipo ine mwini wake, Lufeyo, amene ndakonza njinga ndi mipope pamsika wa ku Balaka kuyambira ndili ndi tsitsi lakuda. Analipo mayi a kunyumba, a Nachisale, akusenda chinangwa pakhonde. Analipo mwana wanga Fabiano, wa kabaza, amene anabwera kuti ndimumatire chubu chakale. Analiponso Che Amidu, anzanga oyandikana nawo munda. Linali Lachiwiri, dzuwa lili paliwombo, mwezi uja mapira amafiira ndipo mbalame zimatera m'munda ngati mtambo.

Sukulu sindinapite nayo patali, koma mphepo ndimaidziwa. Mbalame zitanditopetsa, ndinapanga mzinga wa mphepo woziopsezera. Paipi yaikulu inkasunga mphepo yopopa ndi mpope wa njinga. M'kati mwake ndinaikamo pisitoni ya mtengo, pamaso pake ndinamatapo rabala yodula ku patapata, kuti izitseka kukamwa kwa paipi yaing'ono. Ukatsegula kumbuyo, pisitoni inkadumpha, mphepo n'kutuluka ndi chitsononkho cha chimanga chimene ndinkalowetsa mu paipi yaing'onoyo, phuu! Mbalame balalabalala. Anthu ankabwera kuchokera midzi ina kudzaona, ine ndikuwauza mokweza kuti palibe mphepo inandithawapo.

Paipi yaikuluyo inali ya pulasitiki, yotola kudimba kumene inagona padzuwa zaka ziwiri. Fabiano anandiuza kuti ndiitaye, yauma. Ndinamuyankha kuti iye ntchito yake ndi kupalasa, zaumisiri asiyire ife.

Lachiwiri limenelo rabala inayamba kudontha mphepo. Inkalira pang'onopang'ono, siii. Ndinapopa zowonjezera kuti mphepo ikanikize pisitoni itseke bwino. Kenaka ndinachita chimene wokonza njinga aliyense amachita pa valavu: ndinapaka malovu pamenepo, n'kuweramira, khutu ndi diso pafupi, kuti ndimve pamene ikutulukira. Dzanja ndi mutu zinachita zokha, monga zachitira zaka zonsezi. Paipi inaphulikira kumaso kwanga.

Sindinakomoke. Ndinangoona a Nachisale akutsegula kukamwa koma mawu osamveka. Khutu la kumanzere linkalira ngati nyenje, ndipo munatuluka magazi pang'ono. Diso la kumanzere linkangotuluka misozi, ngati mwalowa mchenga. Fabiano anabweretsa njinga kuti tipite kuchipatala. Ndinakana. Ndinaopa kuti Balaka yense amva zoti Lufeyo wapwetekedwa ndi chinthu chake chomwe. Ndinasukusula ndi madzi a mchere, n'kunena kuti ndi kachitsotso chabe.

Lachitatu diso linafiira ngati khala la moto, ndipo kuwala kwa dzuwa kunkandibaya. Ndinakhala m'nyumba. Lachinayi Che Amidu, mwa chifundo chawo, anabwera ndi masamba, tinafinyira madzi ake m'diso. Lachisanu chikope chinatupa, mutu unkagunda mbali imodzi, thupi linatentha. Loweruka m'mawa pa chitenje chimene ndinatsamira panali mafinya. Nditatseka diso la kumanja ndi chikhatho, mayi a kunyumba aja sindinawaone, ndinangoona chifunga choyera. Pamenepo ndi pamene ndinaitana Fabiano, ndipo aka kanali koyamba kumuitana ndi mawu apansi.

Ananditengera pa kabaza wake mpaka kuchipatala cha boma, ine nditadziphimba kumutu ngati mkazi wamasiye. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, buku la kuchipatala lili m'manja, tikusuntha pang'onopang'ono. Adokotala anawalitsa tochi m'diso, n'kufunsa tsiku limene ndinavulala. Nditanena kuti Lachiwiri, anawerenga ndi zala, n'kuima pa chala chachinayi. Anati, “Agogo, muli kachidutswa m'kati, ndipo diso layamba kuola. Mwathiramo chiyani?” Ndinaulula za masamba. Sanandikalipire. Anangolemba kalata yotitumiza kuchipatala chachikulu kumene kuli madokotala a maso.

Kumeneko ndinagona masabata atatu. Anandiika dripi padzanja. Anamwino ankabwera ndi madontho ola lililonse, kutsegula chikope, kudonthezera, n'kupita kwa wina. M'mawa uliwonse tinkandandalikana pakhonde, amuna okhaokha a mabandeji kumaso, kudikira kuti atiitane mmodzimmodzi. A Nachisale ankagona pansi kumalo a odikirira odwala, n'kumabwera ndi phala nthawi yoonera odwala ikakwana. Ine amene mawu anga ankamveka kuchokera pamsika mpaka kusiteshoni ya sitima, ndinkapempha mnzanga wa bedi loyandikana kuti andibwerezere zimene anamwino anena, chifukwa khutu limodzi silinkagwira.

Kachidutswa kaja anakachotsa kuthiyeta Lolemba. Anandionetsa pa thonje: kakang'ono ngati njere ya mapira, kotuwa. Tinadikira masiku asanu kuti mwina mankhwala apambana. Sanapambane. Ululu unakwera mpaka kunsagwada, ndipo adokotala a maso anabwera n'kukhala pamphepete pa bedi. Anati, “Bambo, diso ili lafa. Tikalisiya matenda akhoza kupita patali. Mukanabwera tsiku lomwelo, tikanakhala ndi poyambira.” Anandipatsa pepala loti ndivomereze kuti alichotse. Dzina langa ndimatha kulemba, koma tsiku limenelo cholembera chinandikana, ndinadinda chala. Fabiano anatuluka panja, ndipo atabwerera maso ake anali ofiira. 

Nditatuluka kuthiyeta kachiwiri, ululu unayamba kutsika tsiku ndi tsiku. Za khutu anandiuza kuti kanembanemba ka m'kati kanabooka, ndisalowetsemo madzi, mwina kadzatsekeka kokha. Kanatsekeka patapita miyezi iwiri, koma mpaka lero ndimamva ngati munthu akulankhulira mu mtsuko.

Nditabwerera kumudzi ndinapeza mbalame zitatha mapira onse. Mapesi okhaokha. Che Amidu anabwera kudzapepesa za masamba aja, akulephera kundiyang'ana. Ndinawauza kuti iyayi, mlandu si wawo, amene anakana njinga ya Fabiano ndine.

Lero ndili bwino. Ndimadya, ndimalima, kutchalitchi ndimapita ndekha. Ndikathira madzi m'kapu nthawi zina ndimathira pambali, ndipo amene akubwera chakumanzere ayenera kuyamba walankhula. Mwezi uliwonse ndimapita kukaonetsa diso latsalali. Kwa amisiri anzanga ndikunena mokweza, monga mwa chizolowezi changa: mphepo yotsekeredwa si ya masewera, ndipo paipi ya pulasitiki si malo ake. Chinthu chikakulowani m'diso, musadikire kuti kuche kawiri, musathiremo mchere kapena masamba. Thamangani tsiku lomwelo. Manyazi anga ananditengera masiku anayi, masiku anayiwo n'kunditengera diso.

Zidutswa za mzinga uja a Nachisale anaziponya m'dzenje ndisanabwere. Sindinafunse. Ntchito ya njinga ndinaiyambiranso, pakhomo pompano. Chubu choyamba chimene ndinagwira chinali cha Fabiano, chomwe chija anabwera nacho Lachiwiri lija. Ndinamata, ndinapopa, kenaka osazindikira ndinanyowetsa chala ndi malovu n'kuyamba kuweramira pa valavu. Ndinangomva dzanja lake litandigwira paphewa. Anakoka beseni la madzi ndi phazi, n'kuliika pakati pathu. Anazungulira kubwera kumanja kwanga, kumene ndimamva bwino.

“Ababa, viikani m'madzi, thovu litiuza. Nkhope yanu ikhale kuno. Diso limene latsalalo si lanu nokha, tikuonera momwemo tonse.”