Mfundo za a Uladi pakhosi pa botolo

A Uladi a ku Malindi anasiya nyanja msana utayamba kuwavuta, atakoka ukonde wa chilimira zaka makumi atatu. Mpaka lero akakhala pansi zala zawo zimasaka ulusi woti zimange. Ine ndinawadziwa chifukwa cha fungo. Nditangofika kuchokera ku Ntcheu kudzaphunzitsa, ndinapeza nyumba yoyandikana ndi yawo, ndipo sabata yoyamba ndinkaganiza kuti kuseri kwafera galu.

Sanali galu, inali migolo itatu. A Uladi amatola matumbo ndi mamba a nsomba kwa amayi okazinga padoko, n'kusakaniza ndi namasupuni, ndowe za mbuzi ndi phulusa. Amathiramo madzi ndipo amatakasa m'mawa uliwonse ndi nkhafi yakale. Pakatha mwezi amasefa pa chitenje, manyowa amadziwo n'kulowa m'mabotolo. Koma botolo silichoka pakhomo lisanayesedwe. Ali ndi mizere itatu ya mpiru: wina amathira manyowa awo, wina a m'sitolo okhala ndi chithunzi cha chimanga chonenepa, wina madzi okha. "Pepala limatha kunama," amatero. "Mpiru sunama."

Mabotolo awo analibe pepala. Pakhosi pa lililonse ankamangapo ulusi wa ukonde wokhala ndi mfundo. Mfundo khumi, ndiye kuti kapu imodzi ya manyowa pa makapu khumi a madzi. Mgolo ukatuluka waukali, mfundo zinkachuluka. Aliyense ku Malindi ankadziwa zimenezi, ndi ana omwe. Ine mphunzitsi wa satifiketi nditagula botolo langa ndinadula ulusiwo n'kutaya, kenako ndinakhuthulira botolo lonse pa nazale yanga ya matimati. Pofika Lachitatu mbande zonse zinali zitapsa.

Pakamwa panga sipachedwa, ndi matenda anga. Ndinakanena pamjigo kuti a Uladi akugulitsa poizoni. Lachisanu anthu atatuluka mumzikiti palibe anakhotera kwawo kudzagula monga mwa masiku onse, ndipo amayi awiri anabweza mabotolo. Dzina limene mkuluyu analimanga ndi mpiru wake linali kugwa chifukwa cha ine.

Loweruka m'mawa anafika pakhomo panga atanyamula beseni la mbande za m'nazale yawo.

"Aphunzitsi, ulusi uja munauika kuti?"

"Ndinataya, bambo."

"Ohoo. Ndiye mwataya kalata yanga musanaiwerenge."

Anandifotokozera za mfundozo modekha ngati akuphunzitsa mwana wa Sitandade 1. Manyazi anandigwira, koma pakamwa paja panatsegukanso. "Nanga bwanji osangolemba?"

Anayang'ana zala zawo. "Ine sukulu yanga inali bwato, mayi."

Tinawokera mbandezo limodzi, iwo akubuula ndi msana, ine ndikulakalaka nthaka itandimeza. Masana ndinabwerera kumjigo kukanena kuti wolakwa ndine, ndipo ndinanena mokweza kuposa poyamba.

Mapepala omata pamabotolo ndinawalembera ndine. Anandiuza kuti ndiwawerengere kawiri, mawu ndi mawu: zimene zili mkati, tsiku losefera, kasungunulidwe kake.

"Onjezani kuti mulibe za nkhumba. Anthu kuno amafunsa."

Ndinaonjeza. Pansi ndinali nditalemba kuti awa ndi manyowa oposa onse, pofuna kuwapepesa. Anapukusa mutu.

"Fufutani. A m'sitolo aja anandiposa kamodzi, chaka cha mvula yambiri."

Ndinafufuta, ndipo ndi pomwepo ndinayamba kuwakonda ngati bambo anga.

Titamata pepala loyamba analitembenuza botololo kangapo. "Dzina langa lili pati?"

Ndinawalozera. Anaikapo chala n'kumasisita zilembo zisanu za dzina lawo. Kenako anapisa m'thumba, n'kutulutsa ulusi, n'kuyamba kumanga mfundo pakhosi pa botolo lomwelo.

"Pepalalo ndi lanu, aphunzitsi," anatero. "Enafe tiziwerenganso."