Mbedza Inapirira

Achikulire oyandikana nafe ku Masvingo sakhulupirira mbedza asanaizunze. Zawo ndi zija za kamutu ka mtovu, zovekapo nyongolotsi yapulasitiki yonyengerera nsomba ya bass. Iliyonse amayamba aikola pawaya wa mpanda n'kukoka, moti mpandawo unasunthira kwawo, ife munda wathu unakula. Ikawongoka amaitaya. "Chitsulo chaulesi chimadyetsa ana masamba," amatero uku akupuma ngati ng'ombe yochokera kolima.

Kwa zaka zisanu ndi ziwiri akhala akusaka chinsomba chimodzi m'nyanja ya Mutirikwi, chachikulu ngati chitseko cha tchalitchi, chomwe chinawawongolera mbedza katatu. Loweruka lapitali chinameza. Mbedza inapirira, chingwe chinapirira, koma phewa linachita dzanzi. Ndodo yowedzera inapulumuka m'manja n'kumira pamodzi ndi chinsombacho.

Atafika kunyumba chimanjamanja, akazi awo anafunsa, "Nanga bambo a Rutendo, yawongokanso?"

"Ayi mayi, mbedza ili bwinobwino, chikuyenda nayo," anayankha akukhala pansi pang'onopang'ono. "Zonse ndinaziyesa pampanda paja, koma mwini mbedzayo ndinaiwala kumuyesa."