Amalume pa Geti la ku Kabulonga

Ndasoka zovala pa msika wa Kabwata kwa zaka zambiri, ndipo nthawi yonseyo ndinkaganiza kuti nyengo ndimazidziwa. Januwale ndi mayunifomu a sukulu. Malichi ndi zitenje zofanana za amayi a m'maofesi, amene amabwera Lachinayi kufuna madiresi khumi pofika Loweruka. Mvula ikatha maukwati amayamba, ndiye ndimayenda ndi ulusi m'tsitsi mpaka kutchalitchi. Koma zonsezo zinali ntchito chabe. Nzeru zenizeni zinabwera ndi mlamu wanga, mkazi wa achimwene anga, wa ku Woodlands, amene anali atangomaliza maphunziro a kutsatsa malonda pa intaneti. Maphunziro a masiku atatu athunthu, ndi satifiketi pamwamba pake.

Anafika m'shopu mwanga masana ena, nakhala pa nsalu ya kasitomala imene ndinali nditangosita, n'kundilanda foni.

"Ba mulamu, peji yanu yafa," anatero. "Onani chithunzi ichi, malaiki atatu chabe. Imodzi ni yanu."

Yachiwiri inali ya mwamuna wanga, amene amalaika chilichonse chimene chala chake chagunda, ngakhale uthenga wa maliro.

Mlamu anandifotokozera pang'onopang'ono, monga amachitira ndi anthu osaphunzira, kuti masiku ano anthu sagula diresi. Amagula nyengo. Chithunzi chiyenera kufanana ndi zimene anthu akumva mwezi umenewo, ndiye amalaika, amalemba makomenti, kenako amabwera okha. Anatulutsa pepala la miyezi yonse khumi ndi iwiri, mwezi uliwonse ndi mtundu wake ndi mawu ake. Vuto laling'ono linali loti pepalalo analemba ndi azungu, kwawo.

Tinayamba ndi Khirisimasi. Pepala linati pakhale chipale chofewa choyera. Kunja kunali matope ndi chifundi cha Disembala, koma tinang'amba pilo, n'kumwaza thonje pa windo ndi pa makina osokera, ine n'kuvala juzi ndi kachipewa kofiira, thukuta lili chuchuchu. Komenti yoyamba inachokera kwa mayi wina wa chigwirizano cha amayi ku mpingo kwathu: "Pepani mwanawe, makoswe aja afika ndi ku shopu? Ikani mankhwala." Mu Febuluwale ndinasoka madiresi ofiira asanu ndi limodzi a tsiku la okondana. Awiri anapita. Enawo anapachikika pa windo mpaka dzuwa linawasandutsa a pinki.

Ndinali nditatsala pang'ono kumuuza kuti abwerere ku maphunziro akaonjeze tsiku lachinayi, pamene mitengo ya jakaranda inachita maluwa. Nthawi imeneyi ngakhale ine ndinavomera kuti nyengo ndi yathu, yooneka ndi maso. Ndinagula nsalu ya pepo ku Kamwala n'kusoka diresi lalitali lokhala ndi manja otukumuka. Ndinati tijambulire pa mtengo umene uli pafupi ndi msika wathu.

"Uja uli na ngalande kumbuyo, na ba malasha pambali?" anatero mlamu. "Iyayi. Tiyenda ku mayadi."

Loweruka m'mawa anandinyamula pa galimoto yake mpaka ku Kabulonga. Tinazungulira misewu ya phee, yopanda ngakhale wogulitsa tomato, mpaka tinapeza geti lakuda lokhala ndi nambala yagolide, mtengo waukulu utaweramira pamwamba pake, maluwa atayala pansi ngati kapeti. Panalibe mlonda. Ndinaima pamenepo, dzanja limodzi litagwira geti.

"Sekani monga munthu wa pano," anatero mlamu. "Osati so. Apo muoneka monga mwabwela kufuna nchito."

Tinajambula zithunzi zambirimbiri mpaka masaya anandiwawa. Posankha chimodzi, mlamu analemba pansi pake kuti: "Nyengo ya maluwa yafika pakhomo pathu."

"Pakhomo pa ndani?" ndinafunsa.

"Pa Lusaka, ba mulamu. Lusaka ni yathu tonse."

Chinthu chopweteka n'chakuti zinatheka. Foni inalira tsiku lonse. Anthu amene ndinaphunzira nawo sukulu, amene kwa zaka makumi awiri sanandifunsepo ngati ndili moyo, anakumbukira kuti ndinali mnzawo wapamtima. "Mulungu wakukweza, sisi." "Tinkadziwa kuti udzafika patali." Ndikanatha kuwauza zoona. Chala ndinali nacho, foni inali m'manja. Ndinayankha aliyense kuti "Ameni." Makasitomala atsopano ofuna diresi la pepo ankadabwa ndikawalozera ku msika wa Kabwata, ndiye ndinkawauza kuti imeneyi ndi nthambi yathu yaing'ono.

Patapita milungu iwiri, Lachiwiri chakum'mawa, ndili ndi mapini kukamwa, foni inalira. Anali mawu a mayi wachikulire, odekha, osathamanga.

"Kodi ndikulankhula ndi mwini wa nyumba yanga?"

Ndinatsala pang'ono kumeza pini.

"Amalume anu afika," anapitiriza. "Abwera ndi thumba la mtedza ndi nkhuku. Akufunsa kuti chipinda chawo ndi chiti."

Amalume amenewa ndi mlongo wa malemu amayi anga, a ku Katete. Anabwera ku Lusaka kudzapimitsa maso, chifukwa ankati saona bwino. Munthu wosaona bwinoyo anaonetsedwa chithunzi changa pa foni ya mphunzitsi wina wa kumudzi, n'kuwerenga nambala ya pa geti, n'kuwerenganso dzina la msewu pa kachikwangwani kamene ine ndi mlamu sitinakaone n'komwe pakona ya chithunzi. Anakopera zonse m'kabuku kawo. Kundiimbira sanandiimbire, pakuti munthu sapempha chilolezo popita kwa mwana wa mlongo wake.

Ndinaimbira mlamu kuti abwere ndi galimoto. Anati ali pa msonkhano. "Koma mukafika, mujambule," anatero. "Anthu akonda nkhani za ba malume."

Ndinatseka shopu, n'kukwera minibasi, n'kuyenda pansi mtunda wotsalawo dzuwa la Okutobala likundiwotcha pamutu. Geti lija nthawi ino linatsegulidwa ndi mlonda, amene anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Oho, ba landilodi, mwabwela."

Amalume ndinawapeza pa khonde, nsapato atavula, akumwa tiyi m'kapu ya maluwa. Nkhuku inali itamangidwa ku mwendo wa mpando. Pafupi nawo panakhala mayi wa imvi, wamfupi, wovala magalasi, manja atawasanjika pa maondo. Ndinamva pambuyo pake kuti anali mphunzitsi wamkulu wopuma pa ntchito, koma ndinali nditazindikira kale, chifukwa maondo anga anagwada okha.

"Wafika, mwana wanga!" anatero amalume. "Nyumba wamanga yabwino. Koma wantchito wakoyu umulangize, shuga amathira ngati ndi wake."

Mayi aja sanaphethire.

"Ndi wanga, bambo," anatero. Kenako anatembenukira kwa ine. "Chithunzi chanu ndinachiona kalekale. Mwana wanga amene amakhala kunja kwa dziko ananditumizira, akulira, kufunsa chifukwa chake ndagulitsa nyumba ya bambo ake osamuuza. Ndinangoti ndidikire, mwini watsopanoyo adzabwera yekha."

Ndinayamba kupepesa. Ndinatchula mlamu, ndinatchula nyengo, ndinatchulanso malaiki, ndipo mawuwo anamveka opusa kwambiri pa khonde limenelo.

"Mtengo uja ndinabzala ine," anatero. "Maluwa ake amaterera, amatseka ngalande, amadetsa galimoto. Timasesa m'mawa uliwonse. Inu eni ake sindinakuoneni ndi tsache ngakhale tsiku limodzi. Tsopano auzeni amalume anu kuti mumakhala kuti."

Ndinawauza. Ku mafulati a ku Kabwata, zipinda ziwiri, madzi akafuna. Amalume anandiyang'ana, anayang'ana mayi aja, anayang'ana denga la khonde nthawi yaitali. Kenako anafunsa ngati buledi watsalako.

Chilango changa chinali chokonzeka kale. Mayi aja analowa m'nyumba n'kutuluka ndi makatani asanu ndi atatu olemera, amene mpendero wake unali utasosoka. "Poti ndinu telala, ndipo nyumba ndi yanu," anatero. Anati chithunzi chichoke tsiku lomwelo. Ponyamuka ndinafuna kumasula nkhuku, koma amalume anakana. Anati iwo anabweretsera mwini nyumba, ndipo mawu awo sabweza. Nkhuku inatsala. Ine ndinayenda kukafika pa siteji ndi makatani pamutu, thumba la mtedza m'manja, amalume akubwera pambuyo panga akuwerenga mokweza manambala a mageti onse.

Chithunzi ndinachichotsa tili m'minibasi. Mlamu atamva anadandaula ngati ndagwetsa nyumba yeniyeni. Anati ndataya chinthu chimene ena amachifunafuna chaka chonse, ndipo vuto langa ndi loti ndimaopa kutchuka. Anandiuza kuti mvula yoyamba ili pafupi, tikonzekere maambulera ndi diresi lobiriwira, ndipo akudziwa nyumba ina ku Chelstone yokhala ndi kapinga wabwino. Ndinamuuza kuti tikajambulire pa geti lake la ku Woodlands. Anati amuna ake sakonda anthu kudziwa kumene amakhala.

Makatani ndinasoka masiku anayi. Mayi aja anabwera okha kudzawatenga ku Kabwata, n'kuyang'ana msoko uliwonse atayandikiza kumaso, n'kupeza malo awiri oti ndibwereze. Kuyambira pamenepo amabwera mwezi ndi mwezi ndi masiketi ofuna zipi ndi mabulauzi ofuna kuchepetsa. Anandibweretseranso anzawo a kwaya ya ku parishi yawo, amayi khumi ndi anayi amene palibe ndi mmodzi yemwe wovomera muyeso wa m'chiuno mwake. Akalowa m'shopu amapereka moni kwa onse, kenako kwa ine: "Muli bwanji, ba landilodi?" Anzanga a pa msika analitola dzinalo, ndipo dzina langa lenileni latsala pa chitupa chokha.

Amalume anakhala nafe milungu itatu, akugona pa balaza, miyendo itafika pakhomo la kukhitchini. Magalasi analandira, n'kubwerera ku Katete. Ndinkaganiza kuti akafika akandiyalutsa mudzi wonse, ndipo ndinali nditakonzeka. Koma munthu amene anatsanzika anthu kuti akukagona ku mayadi sangabwerere n'kunena kuti anagona pansi ku Kabwata. Anakauza abale kuti nyumba ndi yangadi, anaiona ndi maso, anamwamo tiyi, koma ndinaikamo mayi wina wovuta amene akukana kutuluka, ndipo ine ndi mtima wanga wabwino ndikuvutika m'zipinda ziwiri.

Mpaka lero abale amandiimbira kundilimbitsa mtima. Msuweni wanga wina akuti akudziwa loya. Azakhali anga anasala kudya masiku atatu kuti mayiyo asamuke.