Telala Amene Anawongola Diresi

Telala wodziwa ntchito ndi munthu amene amaona zolakwika za matupi a anthu koma osazitchula. Amaona kuti mwendo wina wa bwana ndi waufupi, kuti mimba ya mkwatibwi yayamba kutsogola, kuti khosi la mphunzitsi linalowa m'mapewa. Zonsezi amazikonza ndi choko ndi sizasi, mwini thupi n'kumapita akuyamikira nsalu. A Telala a pakhonde la sitolo ya zitsulo, moyang'anizana ndi pokwerera basi, anagwira ntchito imeneyi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ankanyadira chinthu chimodzi: palibe munthu anachoka pa makina awo akuoneka wokhota.

Chuma chawo chinali makina opondera ndi phazi, tepi yoyezera imene sinkachoka m'khosi, ndi kabuku kachikuto chakuda. M'kabukumo ankalemba miyeso ya aliyense amene anamusokerapo, tsiku ndi tsiku lake. Ankakhulupirira kabukuko kuposa pakamwa pa munthu, chifukwa, monga ankanenera, chiuno sichinama koma mwini chiuno.

Mwana wawo wotsiriza ankamutchula Kabatani, popeza anabadwa wamng'ono ndi kankhope kobulungira. Mtsikanayu sanavalepo chovala chogula. Chilichonse chinkachokera pa makina a bambo ake. Iye ali ndi zaka khumi, a Telala anaona kuti mpendero wa yunifolomu yake ukulendewera mbali ya kumanzere. Anaudula mopendeka pang'ono, diresi n'kuima bwino. Chaka chotsatira phewa lamanzere linatsika, ndipo iwo anasokerera kasiponji kopyapyala m'kati mwa phewa la diresi. Chaka chachitatu fupa la kumsana linayamba kutukula nsalu kumanja, iwo n'kuwonjezera malo pamenepo kuti nsalu igwe mosakoka. Sanauze aliyense, ngakhale mkazi wawo. Sikuti ankabisa. Kwa iwo imeneyi sinali nkhani, inali ntchito, ndipo ntchitoyo inkatheka bwino kwambiri moti m'nyumba monse palibe anaona kanthu.

Chimene chinaulula ndi malaya a masewera amene sukulu inagawira atsikana a mpira wamanja. Anali osokedwa kufakitale, mofanana mbali zonse, mosaganizira munthu. Kabatani atafika nawo kunyumba anawerama pakhomo kuti amasule nsapato, ndipo mayi ake anaona mbali imodzi ya msana itakwera ngati kachulu.

"Bambo a Kabatani, tabwerani kuno. Msana wa mwanayu watani?"

"Ndi malaya ogulawo. Anthu amenewo amadula nsalu ngati akudula kabichi."

"Malaya ali ndi nthiti? Tagwirani apa."

A Telala anagwira. Manja awo ankapadziwa kale pamenepo, mpaka muyeso wake, koma aka kanali koyamba kupagwira ngati bambo osati ngati mmisiri.

Ku chipatala anakumana ndi dokotala wa mafupa, mayi wolankhula mosathamanga. Iye anaika chithunzi cha mafupa pagalasi lowala, ndipo msana wa Kabatani unaoneka utapindikira chammbali ngati ulusi wogwa pansi. Anajambula mizere iwiri, n'kuyeza, n'kunena kuti wapindika madigiri makumi atatu ndi anayi. Anati vutoli amalitcha sikoliyosisi, limakonda atsikana pamene akusinkhuka, ndipo kawirikawiri chifukwa chake sichidziwika. Silibwera ndi chikwama cholemera kapena kukhala moipa pa mpando.

"Munayamba kuziona liti?" anafunsa dokotalayo.

"Sabata yatha," anatero mayi a Kabatani.

A Telala anatulutsa kabuku kaja m'thumba la jekete n'kutsegula masamba atatu. Pa tsamba lililonse panali miyeso iwiri ya kuchokera paphewa kufika pampendero, wa kumanja ndi wa kumanzere, ndipo kusiyana kwake kunkakula chaka ndi chaka.

Dokotalayo anawerenga mofatsa. "Ndiye kuti inu bambo munaona zaka zitatu zapitazo."

"Ndinaona diresi, adokotala."

Mkazi wawo anawayang'ana. Dokotalayo sanakalipe. Anangoti kabukuko kamuthandiza, chifukwa kakusonyeza kuti kupindikako kukuyenda, sikunaime. Kenaka anafotokoza njira zimene zilipo. Msana ukapindika pang'ono, madokotala amangouyang'anira, n'kumajambula pakapita miyezi; koma nthawi imeneyo inali itadutsa. Ukapindika kwambiri, cha m'ma madigiri makumi asanu, amalingalira za opaleshoni, kuika timitengo tachitsulo m'mbali mwa msana kuti mafupa agwirane. Ambiri amachira bwino, koma ndi ntchito yaikulu, ndipo mbali imene yamangidwayo sipindikanso ngati kale. Kabatani anali pakati. Kwa iye kunali chomangira msana cha pulasitiki wolimba, choyambira m'khwapa kufika m'chiuno, choti azivala maola khumi ndi asanu ndi atatu pa tsiku mpaka atasiya kukula, mwina zaka ziwiri. Masewera olimbitsa minofu adzathandizira, koma paokha sangakwane.

"Chidzauwongola?" anafunsa a Telala.

"Ayi. Chidzaugwira kuti usapitirire. Akamachivala, mwayi woti tipewe opaleshoni ndi waukulu. Chikamangopachikidwa pa msomali, chidzathandiza msomaliwo."

Mmisiri wopanga chomangiracho anali ndi chipinda chonunkha pulasitiki wotenthedwa, ndipo nayenso anali ndi tepi m'khosi. A Telala sanathe kudzigwira. Pamene ankamuyeza Kabatani, anamuuza kuti tepiyo ailekerere pang'ono m'chiuno.

"Kodi achimwene, ndinu telala?" anaseka mmisiriyo. "Ndiye ndife amodzi, kungoti nsalu yanga safuna simbi. Koma tisiyane apa: inu mumasoka kuti chovala chimvere thupi, ine ndimapanga kuti thupi limvere chovala. Ndikalekerera monga mukufunira inu, mwanayu adzandikonda, koma msana wake sudzandidziwa."

A Telala anayenda ndi mawu amenewo mpaka pokwerera basi.

Kunyumba chomangiracho anangochitcha chigoba. Chinkatentha, chinkapala m'khwapa, ndipo Kabatani akafuna kutola pensulo ankachita kugwada. Bambo ake anamusokera yunifolomu ina yokulirapo kuti chigobacho chizikwana. Masabata atatu anadutsa popanda dandaulo, ndipo makolo anayamika kuti ali ndi mwana womvera.

Masana ena, ana akuweruka, a Telala anadzutsa maso pa makina n'kuona Kabatani tsidya la msewu akuyenda ndi anzake. Wina aliyense akanangoona mwana wasukulu. Iwo anaona kuti diresi ikugwa m'chiuno mopanda chogwira, ndipo lamba wamangidwa pa bowo lachitatu osati loyamba. Mwanayo analibe chigoba. Pambuyo pake zinadziwika kuti makolo akangochoka m'mawa ankachivula n'kuchikankhira pansi pa bedi, n'kudzachivalanso iwo asanabwere.

Maganizo oyamba amene anawafikira, monga anavomerera okha kwa mkazi wawo, anali a ntchito: diresi imeneyo ikufunika kubweza m'chiuno. Anadzidabwa. Anaphimba makina dzuwa likadali pamwamba, chinthu chimene sanachitepo, n'kupita kunyumba.

Anamupeza Kabatani pakhonde akumanga malamba a chigoba mofulumira.

"Usavutike, mayi wanga, ndakuona kale. Chakulakwira chiyani chinthuchi?"

Mwanayo anayamba ndi zilonda za m'khwapa, n'kuzionetsa. Kenaka zenizeni zinatuluka. "Akumanditi fulu. Akumandigogoda kumsana n'kumati, odi, muli ndani m'menemo? Ngakhale mnzanga wa pa desiki anaseka." Anapukuta mphuno ndi dzanja. "Ababa, mungondisokera ngati kale. Kale palibe ankadziwa."

Pempholi linali loti iwo akanalikwanitsa tsiku limodzi, ndipo mwanayo akanaoneka wowongoka kuposa anzake onse. A Telala analowa m'chipinda n'kutuluka ndi yunifolomu zakale ziwiri. Anatenga kalumo n'kusomola phewa la imodzi, mwanayo akuona, mpaka kasiponji kanagwera pa mwendo wake. Anayala inayo pansi n'kumuonetsa mpendero wopendeka.

"Wazionatu. Kale palibe ankadziwa chifukwa ine ndinkachita izi. Msana wako unkapita, ine n'kumathamangitsa diresi kuti iupeze."

"Ndiye munkandinamiza?"

"Eya. Ndinayamba kudzinamiza ndekha, iwe n'kutsatira." Anatola kasiponjiko n'kukatembenuza m'manja. "Ndikhoza kukusokera chilichonse chovala pamwamba pa chigobachi, ndipo ndidzasoka ndi nzeru zanga zonse. Koma chovala cholowa m'malo mwake sindisoka. Ukachisiya pansi pa bedi, ine ndi mayi ako tidzakhala pa benchi kunja kwa chipinda cha opaleshoni. Ngati zidzafike pamenepo, zifike titayesetsa."

Kabatani analira, n'kukana chakudya, ndipo tsiku lotsatira sanalankhule ndi bambo ake. Koma anapita kusukulu atavala chigoba.

A Telala anachita mbali yawo. Anabwerera kwa mmisiri uja, amene anasema pang'ono m'mphepete mwa khwapa n'kunena kuti ana ambiri amapirira chilonda miyezi chifukwa choopa kunena. Anasoka timalaya tam'kati tansalu yathonje, misoko ili kunja kuti isapale khungu. Yunifolomu anaiumba pa chigoba chenichenicho, atachikhazika pa mpando ngati kasitomala, mpaka m'mphepete mwake munaleka kuonekera. Mayi a Kabatani anapita kukalankhula ndi aphunzitsi, ndipo kugogoda kuja kunachepa, ngakhale dzina loti fulu linakhalitsa. Maola asanu ndi limodzi opumira Kabatani anawasungira mpira wamanja, popeza dokotala anati asasiye. Panali masiku ena amene ankachivulabe nthawi isanakwane. Kusiyana kwake kunali koti tsopano ankanena.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi anajambulanso. Dokotala anaika zithunzi ziwiri pamodzi, n'kuyeza kawiri.

"Makumi atatu ndi asanu. Digiri imodzi ikhoza kukhala dzanja langa. Tinganene kuti sunasunthe. Za opaleshoni tisazikambe pakali pano. Mubwerenso ikatha miyezi ina isanu ndi umodzi."

Kabatani anayang'anitsitsa chithunzicho. "Koma ukadali wokhota."

"Ukadali wokhota, ndipo mwina udzakhala choncho. Ife timafuna kuti uime pamene ulipo."

A Telala analemba nambalayo m'kabuku kawo, pansi pa muyeso wa chiuno. Kwa munthu amene moyo wake wonse ankapereka zinthu zowongoka, kusangalala ndi chinthu chokhota chimene changoima kunali kuphunzira ntchito ina, ndipo sanaiphunzire tsiku limodzi.

Pakhonde la sitolo paja a Telala akusokabe. Mimba za akwatibwi ndi miyendo ya mabwana akuzisungirabe chinsinsi. Koma mwezi wotsegulira sukulu, mayi wina atabwera ndi mwana wake wamkazi kudzayezetsa yunifolomu, tepi inapereka miyeso iwiri yosiyana. A Telala anayezanso, n'kuika choko pansi.

"Mayi, mundikhululukire. Tamuuzani mwanayu awerame, agwire mawondo."

"Mwayamba liti udokotala, a Telala? Ine ndabwerera diresi."

"Diresi mutenga Lachisanu, ndipo idzaima bwino. Koma yambani mwaona ichi."