Bawo la Che Jafali ndi dzanja la atate

Ndikukumbukira fungo la mafuta a nsatsi. Mpaka lero ndikalimva, ndimaona dzanja lamanja la atate lili pamiyendo panga, lolemera ngati chinangwa choviikidwa, zala zitapindikira mkati. Ndinali kamtsikana ka pulayimale nthawi imeneyo, kwathu ku Golomoti.

Atate anagwa ali m'munda wa thonje, dzuwa lili paliwombo. Anawanyamula pa ngolo kupita nawo kuchipatala, ndipo atabwerako sanali atate amene ndinkawadziwa. Pakamwa panali patakhota, mwendo ankachita kuukoka, dzanja lamanja lili lende, mawu akutuluka ngati a munthu amene wavwira phala lotentha. Achipatala anati ndi sitiroko. Anatipatsa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, ndipo namwino wina anawauza amayi kuti dzanjalo lizigwira ntchito, tisamawachitire chilichonse. Amayi anavomera mwaulemu. Koma inu, ndi mkazi uti angaonerere mwamuna wake akulimbana ndi kapu iye ali pomwepo? Anthu akanati chiyani?

Ndiye tinawadwazika mmene timadziwira ife. Amayi ankawamwetsa, kuwadyetsa, kuwaveka, ndi kuwathowa ndi madzi ofunda a masamba a bulugamu. Ine ntchito yanga inali yosisita dzanja ndi mafuta a nsatsi ndikaweruka kusukulu. Azakhali anabwera ndi sing'anga amene anawatema mphini kuchokera paphewa mpaka pachigongono, moti mkono unkaoneka ngati nsomba yoti ikawambidwe. Akwaya anabwera, amiphakati anabwera. Kusisita kuja kunkathandiza ndithu, ululu unkachepa ndipo zala zinkafewa. Koma kusuntha lokha, dzanjalo ayi.

Chimene chinawatha atate si dzanja. Anali anthu odzawazonda. Ankalowa mwakachetechete, kukhala pamphasa, mitu ili pansi, "Pepani, pepani," ngati afika pa siwa. Akatuluka ankanong'onezana pakhomo kuti a Matiyasi anaponda mankhwala m'malire a munda, ndipo otere sachedwa. Ankaiwala kuti makutu a atate sanadwale. Tsiku lina ndikuwasisita anandiyang'ana n'kunena movutikira kuti, "Ndatha ine." Kuchokera pamenepo anatembenukira kukhoma. Phala linkazizira m'mbale, mapiritsi ankawalavula. Ndinali mwana, koma ndinadziwa kuti atate asankha kufa, ndipo ndinkachita mantha kwambiri.

Apa m'pamene anatulukira Che Jafali. Anali Msilamu wa ku Mtakataka, wogulitsa nsomba zouma pa njinga, mnzawo wa atate wa bawo kuyambira ali anyamata. Anafika masana atamangirira bawo pakaliyala, kofiya itapendekeka, fungo la usipa lili patsogolo. Pepani sananene ngakhale mmodzi.

"Che Matiyasi, mwagona mokwanira. Kapena mukubisala poopa kudyedwa?"

Anawakokera pakhonde, amayi akuti aletse koma osadziwa poyambira. Anaika bawo pakati, n'kuthira nkhomo m'maenje. Atate anangoyang'ana kumbali. Che Jafali sanadandaule. Anayamba kusewera mbali zonse ziwiri, ndipo ikafika nthawi ya atate ankasankha dala kaseweredwe kopusa kwambiri, n'kumalengeza mokweza kuti oyandikana nawo amve. "Taonani mmene asewerera Che Matiyasi! Walahi, matendawa alowa ndi m'mutu momwe." Atate anapirira kawiri. Kachitatu anang'ung'udza, n'kuloza ndi chibwano dzenje lina. Ine ndinatola nkhomozo n'kuwayendetsera.

Zinayenda choncho masiku angapo, mpaka Che Jafali anandigwira dzanja. Anati iwo sanapalase njinga mtunda wonsewo kudzasewera ndi mwana. Atate anatambasula dzanja lamanzere, lija labwinobwino. Che Jafali anaphimba bawo ndi manja onse awiri.

"Lamanzere? Pa bawo langa? Mlendo mumam'patsa moni ndi lamanzere inu? Munaleredwa kuti?"

Kwathu mawu amenewo ndi olasa. Mwana amamenyedwa akalandira chinthu ndi lamanzere, ndipo atate ndi amene ankatimenyera zimenezo. Ndinaona mitsempha ya pakhosi pawo ikutupa. Kenako anachita zimene aliyense woleredwa bwino amachita popereka chinthu kwa wamkulu: anaika dzanja lamanzere kunsi kwa mkono wamanja, n'kuukweza. Zala zija zinafika padzenje, zinakanda, zinakanda, n'kutola nkhomo ziwiri zokha. Zisanafike pa dzenje lotsatira zinagwa n'kugubuduzikira m'fumbi. Thukuta linali kamukamu.

"Mukufesa mapira kodi?" anatero Che Jafali, akuseka mpaka kofiya kugwa.

Ndinamuda munthu ameneyu tsiku limenelo. Amayi nawo anali atapsa mtima kuseri kwa chitseko. Che Jafali atangonyamuka, anandituma kuti ndiwathamangire ndikawauze kuti asadzapondenso pakhomo pathu, kunyoza wodwala ndi ufiti.

Ndinathamanga ndi mtima wonse, chifukwa uthengawo ndinkaukonda. Ndinawapeza pa mlambe wa panjira yopita kumsewu. Njinga inali itatsamira mtengo, iwo atakhala pamuzu, nkhope ataiphimba ndi kofiya, mapewa akugwedezeka. Ndinali ndisanaonepo bambo wamkulu akulira popanda maliro. Ndinanena uthenga wanga, koma mawu anatuluka aang'ono.

Anapukuta m'maso n'kundiyang'ana. "Kawauze mayi ako kuti mawa ndikubwera. Ndipo zimene waonazi usakanene. Mnzanga uja omumvera chisoni ali nawo ambiri. Akadziwa kuti nanenso ndine mmodzi wa iwo, tim'kwirira mwezi uno."

Nditabwerera ndinapeza zodabwitsa. Atate anali ndi mbale ya phala lija lozizira, akudya okha mwaukali, lina likutayikira pamalaya. Amayi atafuna kuwalanda supuni anawakankha ndi chigongono. "Mawa," anatero, liwu lililonse akuchita kulikoka, "ndi-mu-dya." Amayi anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Za uthenga uja sanandifunsenso.

Kuyambira pamenepo mafuta anga a nsatsi anapeza ntchito yeniyeni. Atate ankandiitana okha kuti ndiwasisite Che Jafali asanafike, ngati wampira amene akukonzekera masewero. Mapiritsi ankawakumbutsa amayi ndi iwo. M'mawa ndinkawapeza akutola nyemba m'lichero n'kumaziponya m'chikho, kuyeserera mobisa. Nkhomo zinkagwabe, ndipo ine ndi nkhuku tinkapikisana kuzitola, koma zinayamba kugwera pafupi.

Thonje la chaka chimenecho linakololedwa ndi achibale, mvula ina inagwa. Tsiku lina masewero atafika pouma, ndinaona Che Jafali akutsetseretsa zala n'kutapa nkhomo m'dzenje la atate, poyerayera, osabisa n'komwe. Dzanja lamanja la atate linachoka pabondo lokha, lopanda kulichirikiza, n'kugwira mkono wa Che Jafali kuti gwi!

"Wakuba!"

Liwu limenelo linamveka bwinobwino mpaka kwa oyandikana nawo. Amayi anatuluka ndi chipande m'manja, n'kuima, misozi ili mbwembwembwe. Che Jafali anangoti, "Ndisiyeni, mundithyola," koma mkono wawo sanaukoke.

Sindinganame kuti atate anachira n'kukhala ngati kale. Khasu sanaligwirenso bwino, mwendo anaukoka mpaka imfa yawo, ndipo akatopa mawu ankalemera. Koma ankadya okha, ankapereka moni ndi dzanja lamanja, ndipo anakhala ndi moyo mpaka kuona ana anga.

Masiku ano zinthu zinasintha. Wodwala sitiroko amauzidwa kuti azibwerera kuchipatala kukachita mafizo, ndipo achinyamata amaonera pa foni mmene angawongolere dzanja la kholo lawo. N'zabwino, ndipo ndikanakonda atate akanazipeza. Koma pepani uja sanathe. Ndimamuonabe akulowa m'nyumba za odwala, mutu uli pansi, ndipo ine ndikapita kukazonda munthu ndimayesetsa kumumeza, ngakhale amandikhala pakhosi.

Che Jafali ndi amene anatsogola. Uthenga wa maliro utafika, atate anali atakhala pakhonde lomwe lija. Atamva anati, "Wapita ndi nkhomo zanga, wakuba uja." Ndinatsala pang'ono kuwauza za pa mlambe paja, koma ndinakumbukira kuti ndinaletsedwa. Ndinangowayang'ana akupukuta misozi, ndipo ankapukuta ndi dzanja lamanja.