Tsiku limene West anatisowa m'phiri

Ndimakumbukira mtanda wa phulusa umene aphunzitsi athu a Sitandade 4 anajambula pabwalo la sukulu, m'mwezi wa Juni, ife tikunjenjemera, miyendo ili mbuu. Ankatiimika pakati pa mtandawo mmodzimmodzi, manja otambasula. Anatiuza kuti West ndi kumene dzuwa limalowera, ndipo mawuwa anachokera ku liwu lakalekale lotanthauza madzulo, monga ifenso timati kumadzulo. Kwa ana a ku Malemia zinali zosavuta. Dzuwa limalowa kuseri kwa phiri, ndiye tinaloweza kuti West ndi kuphiri, kwathu ndi kumene msana waloza. Ndinakhoza zonse, amayi nkumauza anzawo kumjigo kuti mwana wawo akudziwa mbali za dziko m'Chingerezi.

Loweruka lina tinakwera phiri kukatola nkhuni zokagulitsa ku Songani. Mchimwene wanga Yohane anali ndi miyezi isanu, ankangoyamwa, ndipo anali atayamba kutsegula m'mimba. Amayi anamusiya kwa Abiti Saidi, oyandikana nafe nyumba, nkunena kuti dzuwa lisanafike pamutu tikhala titabwera. Njira yodziwika tinaisiya dala, monga ankachitira amayi onse, kuopa alonda a nkhalango amene ankalanda zikwanje. Tinadzera m'mathanthwe, m'fungo la paini ndi masamba onyowa, ine ndikutola tinthambi, amayi akudula mofulumira, akumvetsera uku ndi uku.

Chifunga chinabwera tikumanga mitolo. Sichinachedwe, mtengo umene ndinatsamira ndiwo wokha unatsala, kwina konse kuli mbee, kamvula kakuwaza. Tinayenda, tinabwerera, tinapezanso makungwa amene tinasiya podula nkhuni. Apo ndinaona bulauzi ya amayi itanyowa pachifuwa, mkaka ukutuluka wokha, iwo akuupsinja ndi mkono. Anatula mtolo nkundiyang'ana.

"Iwe wa kusukulu, kwathu ndi kuti?"

Ndinatambasula manja. Dzuwa kunalibe. Phiri loti ndiliyang'ane linali pansi pa mapazi anga, kumanja phiri, kumanzere phiri. Ndinazungulira kawiri nkuloza, chifukwa amayi ankadikira, ndipo iwo anandikhulupirira. Tinapeza kamtsinje nkukatsata, poti akulu amati madzi saiwala khwawa, koma khwawa limenelo silinali lathu. Tinatulukira mbali ya ku Malosa, nkhuni titataya kalekale, amayi akuthamanga mumsewu opanda patapata, ine ndikulira pambuyo.

Tinafika anthu akutsekera nkhuku. Abiti Saidi anali pakhonde, Yohane ali pamiyendo, anati amudonthezera madzi a shuga tsiku lonse, koma mwanayo analira mpaka mawu kutha. Liwombo linali litalowa. Bere analigwira pang'ono nkulisiya. M'mawa tinapita naye kuchipatala, Lachiwiri amayi a m'mudzi anakamuika m'manda.

Palibe anandinena. Mwina matendawo akanamutengabe, sindidziwa, ndipo palibe woti ndimufunse. Amayi sanandifunsenso kanthu kalikonse ka kusukulu mpaka pamene ndinalekezera.

Tsopano ndili ndi mwana wanga, wa miyezi inayi, ndipo nkhuni zathawira kutali kuposa kale. Anzanga amandiseka kuti mtolo wanga ndi wa kamwana, wosakwana ngakhale sopo, amati msiye kwa apongozi usenze zenizeni. Ndimangoseka nawo. Ndimamubereka, ndimamanga nsalu ziwiri, ndipo ndikamakwera ndimamva mpweya wake pakhosi panga, ndikasiya kuumva ndimaima.